Khomo Lakumaso

Kombi inatitsitsa pafupi ndi njanji,
mtunda wotsalawo tinayenda pansi,
bambo atagwira chigongono changa
ngati ndodo yobwereka.
Majakaranda anali atathothoka Lachiwiri limenelo,
maluwa akuphwanyika kunsi kwa nsapato zawo za kutchalitchi.

Nyumba ya Bwana Makala ikadalipo.
Dzinalo anamupatsa ndi antchito;
lake lenileni lili pa mkuwa pachipata
ndipo wina amalipukuta m'mawa uliwonse.
Wapageti anati madola awiri munthu mmodzi.
Bambo anaseka mpaka kutsokomola:
zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinkalowera kuseri
kumene ankamangirira agalu,
kani kumaso kuno kunkangofunika madola awiri basi?

Mkati munkanunkhira polishi ndi mapepala akale.
Mnyamata wotiperekeza, Kudzanai,
analoweza zonse ngati katekisimu:
umu ndi momwe ankadyera, uwu ndi mpando wake,
wotchi iyi inabwera pa sitima ya pamadzi,
awa ndi mapulani a ng'anjo imene inamanga theka la mzinda.
Inamanga yokha? bambo anandinong'oneza.

Pakhoma pali chithunzi chofwifwa.
Mwini nyumba wakhala pakati, chipewa pa bondo.
Kumbuyo kwake amuna khumi ndi anayi, mapazi ali pamtunda.
Pansi analemba dzina limodzi,
kenako mawu akuti: ndi antchito ake.
Bambo anayandikitsa diso lawo lotsalalo,
linalo linapita ndi mbaliwali ya chitsulo ine ndisanabadwe,
nayamba kuitana mayina ngati kapitawo m'mawa.
Jailosi wa ku Ntcheu, anafa ndi chifuwa.
Sumaili, sankamwa ngakhale dontho mwezi wosala
ng'anjo ikulilima chotero.
Uyu ndi Bitoni, anabwerera kumudzi
ndi njinga yatsopano ndi mwendo umodzi.
Uyu sindikumudziwa.
Anayang'ananso, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi.
Ayi, uyu ndine.

M'chipinda chomaliza muli mapoto a miyendo itatu,
belu la sukulu, mawilo a ngolo,
ndi simbi ya makala payokha patebulo,
chikwangwani chikuti musakhudze.
Anakhudza.
Anainyamula, naitembenuza ngati mzamba akuona khanda,
ndipo kunsi kwa chogwirira kunali timizere titatu.
Ndinkatilemba mumchenga ndi msomali tisanathire chitsulo, anatero,
mphini za pa tsaya la mayi anga,
kuti ndisaiwale nkhope imene ndinaisiya pa siteshoni ya Balaka
ndikulonjeza kuti ndibwera mvula ikatha.

Kudzanai anatsegula pakamwa kuti aletse,
kenako anayamba kupisapisa m'matumba kufuna cholembera.
Sekuru, dzina lanu?
Analemba kuseri kwa risiti yathu yomwe ija:
Faniwelo Kamphinda, woumba zikombole.
Anafunsanso za Jailosi, kalembedwe kake.
Sindikudziwa ngati kapepalako kadzafike pakhoma
kapena kadzachapidwa limodzi ndi buluku lake Loweruka.

Tinatulukira khomo lakumaso lomwelo.
Bambo anapukuta nsapato pa chopondera potuluka,
osati polowa.

Dzuwa linali litapendeka.
Pamsewu panali dzenje la ngalande, kukamwa kuli yasa,
chivundikiro chake anazula anyamata ogulitsa zitsulo zakutha,
wina anangozikamo nthambi kuti galimoto zizilambalala.
Anaima m'mphepete mwake nthawi yaitali.
Chimenecho mwina ndinathira ndine.
Ndinayesa akhumudwa.
Alekeni, anatero, akachisungunula chidzakhala poto wa munthu,
bola chimenecho kusiyana ndi zija zagona m'galasi.

Kenako anandifunsa ngati chenji yatsala
yokwanira chimanga chowotcha chimodzi,
chifukwa kombi za ku Mufakose
nthawi ngati ino zimachedwa kudzaza.